Tinsomba ta ku Kamwala

Mdzukulu wanga Maxon amadula magalasi a mawindo pamsika wa Chilinde. Mukafika poimira makabaza mungofunsa kuti wamagalasi ali kuti, akulozerani benchi lake. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ali ndi mkazi dzina lake Zipora ndi ana awiri aakazi, wamkulu ndi Chisankho. Mowa samwa, m'chitokosi sanagonemo, ndipo palibe chala chake chimene chilibe chipsera. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa kuno ku Kawale alipo anthu amene amamutcha wamisala wa nsomba. Amenewo adziwe kuti akunena munthu amene amadyetsa nyumba ya anthu asanu ndi manja ake, pamene iwo ana awo amangokhala pa shopu kudikira wowagulira ndudu.

Ine ndine agogo ake, mayi wa amayi ake. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma cholembera ndimachigwira, ndipo nkhani ya mwanayu palibe wina angailembe molondola kuposa ine. Muli ndi mbali yanga imene sindinyadira nayo. Nayonso ndiilemba.

Amayi ake, mwana wanga Irene, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala kumudzi kwathu ku Dedza, pansi pa phiri, pamene pamadutsa kamtsinje kotchedwa Kamwala. Kanali kamtsinje ka miyala yokhayokha, madzi ozizira oti mano kuwawa, oyera oti ukaponya ndalama yachitsulo umaiona pansi. Irene akamachapa, mwanayo ankavundukula miyala. Pansi pa miyalayo pankakhala tinsomba totalika ngati chala, ta ndevu ngati mlamba, koma kukamwa kwake kuli kunsi ndipo kumamatira pamwala ngati msundu. Kumudzi palibe ankasamala nato. Tinkangoti timilamba ta m'miyala. Ndiwo sitinali, unkachita kutola tsiku lonse kuti tidzaze chikhato.

Titaika maliro ndinamutenga Maxon kubwera naye kuno. Bambo ake sindiwatchula, sanachite chilichonse choti nkutchulidwa nacho. Mwanayo anakula wosalankhula kwambiri. Anafika Fomu 2, kenako anaphunzira kudula magalasi kwa mkulu wina wa ku Biwi, mpaka anapeza benchi lakelake.

Za nsombazi zinabwera ndi bambo Adamu a ku Area 25, munthu wachikulire amene kale ankagwira ntchito kwa ogulitsa nsomba zamoyo kunja. Anabwera kudzadulitsa magalasi asanu oti amate thanki yosungiramo nsomba m'nyumba. Maxon anawaperekeza kukawathandiza kumata ndi silikoni. Anabwerako maso ali gwa. Kuyambira tsiku limenelo zidutswa zotsala pabenchi sanatayenso. Anamata thanki yoyamba, yachiwiri, mpaka kachipinda kakuseri kamene ndinkasungiramo chimanga kanadzaza magalasi. Anagula pampu yopopera mpweya m'madzi, imene imangolira usana wonse ngati njuchi yalowa m'botolo.

Ndinamuuza kuti, "Amuna anga, nsomba malo ake ndi m'poto." Ndimamutcha choncho kuyambira ali khanda, monga timachitira ndi adzukulu.

"Inu akazi anga mumangoganiza za mimba," anatero iye.

Bambo Adamu ankasunga nsomba za kunyanja, zabuluu, zachikasu, zoti alendo akabwera amaombera m'manja. Maxon zimenezo sanazisunge nthawi yaitali. Chaka chimene tinapita kumudzi kukamanga chiliza cha amayi ake, anasowa m'mawa anthu akukanda simenti. Ndinakwiya koopsa. Anatulukira masana atanyowa mpaka m'chiuno, atanyamula chigubu cha madzi. M'chigubumo munali timilamba tija khumi ndi tinayi. Ulendo wonse wa pa minibasi anachifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala, ndipo pa siteji iliyonse ankatsegula kuti mulowe mpweya.

Bambo Adamu atabwera kudzationa anavala magalasi awo a maso, anagwada pathanki nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, ine nsomba ndazigwira zaka makumi atatu. Iyi sindikuidziwa."

Apa mpamene ndinadziwa kuti padziko pano pali anthu ambiri a mtundu wa Maxon. Ali ndi gulu lawo pa foni. Muli a ku Blantyre, a ku Zambia, a ku Jeremani, ena sindidziwa nkomwe kwawo. Onsewo amasunga nsomba za ndevu zokhazokha, ndipo ntchito yawo ndi kukangana kuti iyi ndi iti. Maxon anandifotokozera kuti nsomba iliyonse yodziwika ili ndi dzina lachilatini lolembedwa m'mabuku a ophunzira, koma zilipo zambirimbiri zimene palibe anazilembapo. Zikupuma, zikuswana, koma m'mabuku mulibe.

Kuti adziwe ngati nsomba ili m'mabuku kapena ayi, ali ndi kachitidwe kawo, ndipo ndinakaona ndi maso anga chifukwa ine ndi amene ndinkagwira tochi. Maxon anamata kabokosi ka galasi kochepa ngati sopo wochapira, kopyapyala koti nsomba isatembenuke. Amaikamo kansomba kamodzi nkukajambula m'mbali, pamwamba, ndi kunsi kuti kukamwa kuoneke. Pansi pa kabokosiko amamata rula. Akatero amakulitsa chithunzicho pa foni nkuyamba kuwerenga timinga ta chipsepse cha pamsana, kamodzikamodzi, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera. Amayeza ndevu ngati zikufika pa diso kapena kupitirira. Amawerenga mizere yakuda ya m'nthiti. Amaona mchira kuti wagawika bwanji. Zonsezo amalemba m'kope, kenako nkutumiza ku gulu.

Anakangana milungu itatu. Wa ku Zambia ankati ndi yofanana ndi ya kwawo. Wa ku Jeremani ankati ayi, taonani ndevu ndi zazifupi, taonani mchira wa yamphongo mbali yakunsi ndi yaitali. Maxon ankandiwerengera madzulo tikudya, akumasulira m'Chichewa, ine nkumati, "Ameneyo wa ku Zambia ndi wansanje." Pomaliza anagwirizana kuti m'mabuku mulibe.

Nsomba yotere amaipatsa dzina longobwereka. Amalemba dzina la banja lake lalikulu, kenako zilembo ziwiri, s ndi p, zotanthauza kuti mtundu wake sunatchulidwe, ndipo pamapeto dzina la mtsinje umene inagwidwa. Choncho dzina la Kamwala, kamtsinje kamene ngakhale a ku boma la Dedza sakadziwa, linayamba kulembedwa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Ndinapita nayo foniyo ku Mvano kukaonetsa amayi anzanga. Ena anaseka. Asiyeni.

Lamulo lawo lalikulu ndi limodzi: thanki imodzi, mtsinje umodzi. Pagalasi lililonse Maxon amamata tepi yoyera nkulembapo dzina la mtsinje ndi tsiku limene anagwira. Anandiuza kangapo konse kuti, "Agogo, pochotsa fumbi tepi iyi musaikhudze. Nsomba yopanda tepi ndi ndiwo basi." Ndinamva, ndipo tepi sindinaikhudzepo. Chimene sanandiuze, kapena anandiuza koma ine sindinachigwire, ndi chifukwa chake chenicheni.

Chaka chotsatira anapita kuseri kwa phiri lomwelo, kumtsinje wina wotchedwa Nsangu, umene madzi ake amalowera kwina. Anabwerako ndi timilamba khumi ndi tiwiri. Anatiika m'thanki yaketake, pafupi ndi ya Kamwala. Kwa ine tinali timodzimodzi ngati mazira a nkhuku imodzi. Maxon ankati ta ku Nsangu ndevu ndi zotalikirapo pang'ono ndipo mchira ndi wolingana, koma ankavomereza yekha kuti pa tatikazi ndi tating'ono sungasiyanitse, ndipo ngakhale tatimuna tina ta ku Nsangu timakhala ndi mchira wokayikitsa. A m'gulu aja ankati ta ku Nsangu tikuoneka ngati mtundu wodziwika kale. Tachilendo tinali ta ku Kamwala.

Kudzera m'gulu lomwelo nkhani inafika kwa mayi wina wa kuyunivesite, dokotala wa za nsomba, dzina lake mayi Ennie. Anabwera yekha kuno ku Kawale, galimoto anaisiya kumsewu chifukwa kwathu kuno njira ndi ya miyendo. Ndinamuyalira mkeka wabwino, koma iye analowa m'kachipinda kaja nkukhala pandowa yovundikira. Anaona kope la Maxon tsamba ndi tsamba. Ndinamumva ndi makutu anga akunena kuti, "Bambo, ophunzira anga ambiri salemba bwino chonchi." Mawu amenewo ndidzapita nawo kumanda.

Iye ndi amene anatiuza mmene dzina lenileni limabwerera. Zithunzi sizikwana. Pamafunika nsomba zenizenizo, zingapo, zophedwa nkuikidwa m'botolo la spiriti, ndi kapepala konena kumene zinagwidwa. Mabotolowo amasungidwa kosatha, kuti aliyense wokayika adzathe kutsegula nkuwerenga yekha timinga tija. Ndipo amene walemba za nsombayo m'mabuku ndi amene amasankha dzina.

"Mukanakonda litakhala la ndani?" anafunsa.

Maxon anayang'ana pansi. "La amayi anga. Anali Irene. Ndi amene ankandipititsa kumtsinjeko."

Ine ndinatuluka panja. Mwana wanga Irene sanasiye nyumba, sanasiye munda, chithunzi chake chilipo chimodzi chokha ndipo chinadyeka ndi chinyezi mbali ya nkhope. Ndiye wina akuti dzina lake lilembedwa m'mabuku amene sadzafufutika, lizitchulidwa ndi anthu a maiko ena ife tonse titapita. Ndinakalirira kuseri kwa bafa kuti mlendo asandione.

Mayi Ennie anapempha zisanu ndi zitatu tsiku lomwelo. Maxon anakana. Anati zilipo khumi ndi zitatu zokha, imodzi inali itafa, ndipo ankafuna ziyambe zaswana kuti akapereka zina, zina zitsale. Anali atamva kale kuti kumtsinjeko kwayamba kufika malole a mchenga. Mayiyo sanakakamize. Anati abweranso chaka chamawa mu Ogasiti, ziswane zisaswane. Ine ndinamukalipira Maxon mlendo atapita. Ndinati mwana wa nkhuku sawerengera ali m'dzira, pereka lero. Iye anati, "Agogo, ndakhala nazo zaka ziwiri. Ndizithire spiriti ngati mphemvu?" Mtima wake ndi wotero, ndipo ndi ine ndinaulera.

Chaka chimenecho nyumba yonse inagwira ntchito ya nsombazo. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala, ndiye tinkawatunga nkuwagoneka m'ndowa masiku awiri. Tinsombati timafuna madzi othamanga ndi ozizira. Magetsi akazima, ndipo kuno amazima ngati akulipidwa pozima, pampu imaleka, tinsomba nkuyamba kukwera pagalasi kukamwa kuli yasa. Maxon anandiphunzitsa kutunga madzi a m'thanki momwemo ndi kapu nkumawathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Ndathirapo madzi choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mkono kuchita dzanzi. Zipora ankandilandira akaweruka kogulitsa kaunjika. Ankadandaula, inde. "Agogo, ine ndinakwatiwa pamitala, akazi anzanga ali m'madzi." Ine nkumati, "Mkazi wamkulu ndine, iwe ndi nsombazo nonse mwandipeza." Koma kapu ankaigwira.

Sizinaswane. Maxon anayesa miyala ya mtundu wina, anayesa kuthira madzi a mvula, anafunsa m'gulu. Palibe amene ankadziwa, chifukwa palibe wina padziko amene anazisungapo. Pofika Julaye anali atavomera mumtima kuti apereka zisanu ndi zitatu zija. Anagula kale spiriti ndi mabotolo.

Mwezi womwewo anapeza ntchito yoika mawindo pa nyumba ina ku Kasungu, ya masiku anayi. Tsiku lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa, ndinalowa m'kachipinda kaja nkuponda madzi. Thanki ya Kamwala inali itatseguka pakona pamene silikoni anakalamba. Madzi ankatsika ndikuona, anali atafika kale theka. Zipora anali kumsika, ana kusukulu. Ndinaimba foni ya Maxon katatu, sinkapezeka. Ndinayesa kutseka ndi nsanza, ndinayesa sopo, madzi ankangotuluka.

Ndowa zinalipo, sindikana. Koma Maxon yemweyo anandiphunzitsa kuti tinsombati m'madzi oima, opanda pampu, sitichedwa kufa. Paipi ya mpweya ya thanki yothayo inali yomatidwa kukhoma, yaifupi, sikanafika pansi. Ndipo pambali pomwepo panali thanki ya Nsangu, yodzaza, madzi akuthamanga bwinobwino, muli tinsomba tofanana nato. Ndinaganiza ngati mayi. Nyumba ya mwana ikapsa umamulowetsa kwa abale ake. Ndinatenga sefa ya ufa, ndinawola khumi ndi titatu tonse, kamodzikamodzi, tina titamatira pamiyala ndinachita kutinyamula ndi mwala womwe, nkutithira kwa anzawo. Palibe kanafa ngakhale kamodzi. Tepi ya pathanki yothayo sindinaikhudze.

Masiku awiri amenewo ndinkayenda ngati mfumukazi. Maxon atafika ndinamuchingamira panjira. "Amuna anga, mukanapeza maliro. Thanki inaphulika, koma akazi anu ndapulumutsa onse."

Analowa ndi chikwama kumsana. Anaona thanki youma. Anaona inayo. Anafunsa mawu amodzi okha: "Muno?"

"Momwemo. Werenga, akwana makumi awiri ndi asanu."

Anakhala pansi, pasimenti ponyowa. Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanamuyankha, pakamwa ndili napo. Anangokhala akuyang'ana tinsombato tikusinthana miyala. Patapita nthawi anati, "Mwachita bwino agogo. Zikanafa." Ndipo ndinadziwa kuti ndalakwa chinthu chachikulu, chifukwa mawu ake anali ngati a munthu wopepesa pamaliro.

Madzulo ake mpamene anandifotokozera. Tepi ija si ya thanki, ndi ya nsomba. Nsomba yopanda dzina chimene ili nacho ndi kwawo kokha. Ukaisakaniza ndi ya mtsinje wina, palibenso angalumbire kuti iyi inachokera uku.

Kwa milungu itatu ankatenga kamodzikamodzi kuika m'kabokosi kaja, kufanizira ndi zithunzi zakale. Koma mizere ya tinsombati imasintha tikamakula, ndiponso tikachita mantha timayera. Anapatula zisanu zamphongo zimene anati mwina ndi za Kamwala. Mwina. A m'gulu aja anagawikana, ena zitatu, ena zinayi, wa ku Jeremani anati iye sangaike mutu wake pa iliyonse.

Kutatsala masiku awiri kuti mayi Ennie abwere, ndinamukhazika pansi, Zipora ali pomwepo.

"Thanki ija waimata kale," ndinatero. "Tepi yake ilipo, yolembedwa ndi dzanja lako. Bwezeramo zisanu zako zija, uwonjezere zazikazi zitatu. Ndani akudziwa? Ine, iwe, ndi mkazi wakoyu."

"A m'gulu akudziwa."

"A m'gulu ali ku Jeremani! Adzabwera kuno ku Kawale kudzakuseka? Uwauze kuti unalakwitsa, zinali m'ndowa."

Zipora anati, "Bambo a Chisankho, agogo akunena zoona. Mwavutika nazo zaka zitatu. Inuyo mumazidziwa nsomba zanu."

"Ndimazidziwa pang'ono," anatero Maxon. "Nanga itakhala ya ku Nsangu? Botolo limenelo likhala zaka zana. Aliyense wofuna kudziwa nsomba ya amayi azidzatsegula limenelo. Tsiku lina wina adzawerenga bwino nkupeza kuti ndi nsomba yodziwika kale, dzina la amayi adzalifufuta, nkulemba kuti munthu wa ku Kawale ananama."

"Pofika nthawi imeneyo tonse tidzakhala titafa!"

"Dzinalo lidzakhala lilipo, agogo. Si chimene tikulifunira?"

Ndinamunena zambiri tsiku limenelo zimene sindilemba. Ndinamuuza kuti amayi ake ndinawabereka ndine, osati mabuku. Ndinamuuza kuti akukonda azungu a pa foni kuposa magazi ake. Anangomvetsera, akupukuta galasi limene linali loyera kale.

Mayi Ennie atafika ndinayesa kuyamba ine kulankhula. Ndinati zonse zili bwino, nsomba zanu ndi izi. Maxon anati, "Pepani agogo," nkufotokoza zonse mmene zinayendera. Sananene kuti ndine ndinasakaniza. Anati thanki inatayikira ndipo zinasamutsidwa. Ndinachita kudziulula ndekha, chifukwa sindingalole mwana asenze mtolo wanga.

Mayiyo anati, "Amayi, mukanapanda kutero zikanafera pansi nkuuma. Musadzidandaule." Ndinamufunsa ngati makina a kuyunivesite sangathe kusiyanitsa. Anati angathe kuonetsa kuti m'thankimo muli mitundu iwiri. "Koma ndikalemba kuti uwu kwawo ndi ku Kamwala, andifunsa umboni. Nanga ngati mitundu yonse iwiri imakhala ku Nsangu? Ndiyankha chiyani?" Anati njira ilipo imodzi: tipeze zina ku Kamwala komweko, ngakhale zisanu zokha, zilowe m'botolo pamtsinje pomwepo ndi kapepala kake. Ananyamuka chimanjamanja. Mabotolo a Maxon anatsala pashelefu.

Tinapita mu Okutobala, ine ndi iye. Ndinaumirira kupita nawo ngakhale mawondo anga salola. Kamwala sindinamuzindikire. Kumtunda anthu anatseka madzi nkuika mainjini othirira tomato. Mitengo ya m'mbali inathera m'mauvuni a njerwa. Pamene Irene ankachapira pali dzenje loti lole imalowamo yonse. Tinapeza zithaphwi zitatu zobiriwira, zofunda ngati madzi osamba, muli mbululu zokhazokha. Mwana wa mchemwali wanga, Leston, amene pano ndi bambo wa ana asanu, anatiperekeza. Anati, "Mukufuna timilamba tija? Aaa, tinatha kale. Miyala yomwe inagulidwa, inapita kumafawundeshoni ku tauni." Iye mwini anakweza nawo malole, ndipo sindingamunene, ana ake amadya.

Maxon anakwera mpaka kumene mtsinje umatulukira m'phiri. Anabwerako dzuwa litapendeka, chigubu chili chopanda kanthu. Anati tidikire mvula. Anapitanso yekha mu Malichi. Madzi analipo, ofiira, akuyenda pamatope. Anavundukula mwala uliwonse umene unatsala, masiku awiri. Anapitanso chaka chino. Sanandiuze nkomwe kuti wapeza chiyani, anangotsuka chigubu nkuchivundikira.

Kwathu mwana akamwalira asanatchulidwe dzina, amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo salira mokweza. Ndaikapo ana otero awiri a anzanga. Umabwerako kumanda ngati unapita kotola nkhuni. Sindinkaganiza kuti mtundu wathunthu wa cholengedwa cha Mulungu ungapite chimodzimodzi, ndipo kuti manda ake akhala kachipinda kanga ka chimanga.

Pano Maxon akudulabe magalasi. Kope lija sakulembamonso. Ku gulu amangowerenga za anzake, ndipo bambo Adamu akabwera amakamba za mpira. Mathanki ena anagawira anthu. Yatsala imodzi ija. Anachotsapo tepi ya Nsangu nkumatapo ina yosalembedwa kanthu. Tinsombato takalamba, ndipo chilimwe chathachi magetsi anatipweteka kwambiri. Kakafa kamodzi amakaika m'botolo lakelake la spiriti, nkumatapo tepi, nkulemba tsiku lokha. Pamzere wa malo amasiya poyera. Pofika dzana mabotolo anali makumi awiri ndi awiri.

Dzulo m'mawa ndinapeza kena katagona chagada pansi pa mwala, kamphongo, ka mchira wautali kunsi. Ndinakatola ndi sefa yomwe ija. Maxon anabwera ndi botolo, anadula tepi, analemba tsiku. Ndinamugwira dzanja.

"Aka kokha," ndinatero. "Taona mchirawo. Ndi ka kwathu aka, ngakhale ine ndikuona. Lemba Kamwala."

Anakayang'ana nthawi yaitali m'botolomo. Anakatembenuza, anawerenga timinga, milomo ikugwedera.

"Mwina ndi ka kwathu, agogo," anatero.

Anatseka cholembera, anaika botolo pashelefu pafupi ndi anzake, nkunyamula chodulira magalasi kupita ku Chilinde. M'thankimo mwatsala tiwiri. Cha m'ma naini magetsi anazima, ndipo ndinatenga kapu.